Repu Wako ndi Uyo Ali M'poto

Makolo adati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Iwo ankanena za fodya wopera, koma aliyense amene adalimapo kadimba kuseri kwa nyumba pa boma la Petauke kapena ku Nyimba angalumbire kuti mwambiwu adaupangira repu.

Mvula ikangokata mu Epulo, chimanga chikuuma m'minda, anthu a m'tauni amagwidwa ndi matenda a dimba. Aphunzitsi, anamwino ndi akalaliki amavula nsapato za kuntchito n'kugwira khasu. Malo ake ndi kachigawo ka pakati pa chimbudzi ndi mpanda, koma masamu ake ndi a mwini famu. "Amake mwana, chaka chino zogula ndiwo zatha," amatero bambo akufesa repu, chayinizi, tomato ndi anyezi pa nazale. Sakunama kwenikweni, poti kuzizira kwa Meyi mpaka Julayi kumakomera masamba. Chimene waiwala n'chakuti ndiwozo zikadali pachala.

Mphepo yoyamba ili ndi nthenga. Nkhuku za aneba, zimene chaka chonse zimakudutsani ngati sizikukudziwani, zimabwera kudzayendera nazale mbewu zikangomera. Mukawokera pa mabedi, mphepo yachiwiri imafika ndi nyanga. Anthu akakolola amamasula ziweto, ndipo mbuzi sidziwa pamene pathera mudzi ndi pamene payambira tauni. Mpanda wa udzu umene mwamanga Loweruka lonse, iyo imayamba yadya umenewo kuti itsegule kukhosi.

Mphepo yachitatu ndi yaulemu, imaodira. "Odi kuno! Mwauka tyani, aneba? Koma dzanja muli nalo, repu wonona chonchi!" Mukamva mawu amenewa dziwani kuti bedi limodzi lapita. Madzulo ake kamwana kafika, mbale ili kumbuyo: "Akuti amayi muwathyolereko pang'ono, kwabwera alendo." Alendo a nyumba imeneyo amabwera tsiku lililonse mpaka repu atatha. Kukana simungathe, chifukwa maliro akakugwerani, odzasonkha moto ndi omwewo.

Yachinayi idachita kuwoloka nyanja. Kagulugufe kotchedwa Tuta absoluta, kochokera ku South America, kadafika m'Zambia mu 2016. Mbozi yake imalowa m'kati mwa tsamba la tomato n'kumadya ili mobisala, kenako imaboola chipatso. Mukapopera mankhwala imakhala ili m'nyumba, yatseka chitseko. Pa repu napo nsabwe zimaunjikana kunsi kwa tsamba, inu mukuwaza phulusa uku mukupemphera.

Nanga madzi? Keni imafuna kudzazidwa m'mawa ndi madzulo, ndipo bilu ya pampopi simva zoti mbewu zikadali zanthete. Chaka cha 2024 chidaphunzitsa ambiri: chilala chidakula mpaka Pulezidenti Hakainde Hichilema adalengeza pa 29 Febuluwale kuti dziko lili pa ngozi. M'makomo ena mudabuka mlandu wosankha pakati pa kusambitsa ana ndi kuthirira anyezi.

Tomato wopulumuka zonsezi amapsa sabata imodzi ndi wa tauni yonse, mtengo n'kugwa. Mukati mukayese pa msewu wa Great East ku Nyimba, okwera mabasi a Lusaka ndi Chipata amatulutsa mitu pawindo kufuna nthochi, beseni lanu osaliona n'komwe. Mukawerengera mbewu, feteleza wa Compound D, mankhwala ndi madzi, mupeza kuti mtolo umodzi wa repu wakudyerani ndalama zoposa wa pamsika, kumene amaikirako ndi mbasela. Ngati nyumbayo ndi ya lendi, eni ake amakumbukira kuti mwana wawo akuifuna nthawi imene kabichi wayamba kukulunga.

Tisiye kulima kodi? Ayi ndithu. Cholakwa si khasu, koma kuwerengera ndiwo zikadali m'dimba. Limani mabedi anayi: la mbuzi, la aneba, la tizilombo, lachinayi lanu. Tsono lanulo musalisungire Lamulungu kapena kudikira kuti masamba akule afike poti muwajambule n'kuika pa WhatsApp. Thyolani lero, phikani lero, otsalawo muwafutse n'kuyanika, mfutsowo mukabise m'chipinda chogona. Repu wanu ndi amene mwameza, abale anga. Wa m'dimba ngwa mbuzi.