Ganyu wa ana pa holide wautsa mkangano

Sukulu zikangotsekera mu Julayi kuno ku England, nkhani ya ganyu wa ana imayaka pakati pa ife Amalawi. Takangana kale kutchalitchi, kometetsa ndi pa WhatsApp, ndipo aliyense akuti lamulo amalidziwa ndi iyeyo.

Ena akuti ana athu akudyeredwa masuku pamutu. Wa zaka 17 atsuka mbale zomwezo, aima maola omwewo ndi mnzake wa zaka 21, koma pa ola iye alandira £7.55, mnzakeyo £12.21. Apa sakunama, ndi mitengo imene boma linaika mu Epulo 2025, ndipo pamitengo imeneyo wa zaka 18 mpaka 20 anali pakatikati ndi £10. Ena akulumbira kuti ngakhale wa zaka 14 wogawa nyuzipepala ali ndi malipiro ake otsikitsitsa. Awa aphonya. Mwana amene sanafike msinkhu wosiyira sukulu alibe mtengo woikidwa ndi boma, amalandira zomwe wapangana ndi bwana. Lamulo limangomuyezera maola: pa holide wa zaka 13 kapena 14 asapitirire 25 pa sabata, wa zaka 15 asapitirire 35, ndipo Lamulungu awiri okha.

Ndiye pali amalume osintha ndalama m'mutu. Akangomva £7.55 achulukitsa kale m'makwacha, n'kulengeza kuti kamwana kakulandira kuposa mphunzitsi wa ku Ntcheu, ndiye kakudandaula chiyani? Masamuwo sanalakwe, koma basi yopita kuntchito salipira makwacha. Amalume omwewa amati mwana asafunse ndalama, aphunzire kaye ntchito, pakuti iwo ankalima mizere n'kulandira mbale ya ufa. Mwezi ukatha ndi iwonso oyamba kumuuza kuti nsapato za kusukulu agule yekha, poti tsopano ndi wapantchito.

Nawonso a mashopu ali ndi mawu awo. Akuti mtengo wa mwana ukafanana ndi wa wamkulu, palibe adzalembe mwana. Mfundoyi si yongopeka, a Low Pay Commission, amene amalangiza boma, amaiyeza ndithu, ndipo mtengo wa azaka 16 ndi 17 unayamba mu 2004 uli £3 yokha. Komabe timadabwa kuti mwana yemwe akuti sadziwa kanthu ndi amene amasiyidwa yekha pa kauntala Loweruka masana, makasitomala atafola mpaka pakhomo.

Zomwe zimatiwawa ambirife ndi zija sizitchulidwa kawirikawiri pamikanganoyi. Mwana auzidwa kuti agule yekha yunifomu, osadziwa kuti mtengo wake ukagwetsa malipiro pansi pa mlingo wa boma, bwana waphwanya lamulo. Wina auzidwa kuti kangachepe kamene makasitomala amasiya patebulo ndi mbali ya malipiro ake, pomwe lamulo silikawerengera m'menemo. Wina agwira tsiku lathunthu n'kuuzidwa kuti kunali kungomuyesa, n'kubwerera kunyumba chimanjamanja.

Ena amati kadandauleni ku HMRC, nthambi ya boma yolondoloza za malipiro otsikitsitsawa, ena amati mukatero mwana amuchotsa ntchito ndipo mbiri yake iipa tauni yonse. Mantha amenewa ndi omveka, mwana wa zaka 16 sangalimbane yekha ndi bwana. Koma HMRC imalandira dandaulo ngakhale kuchokera kwa kholo, ndipo dzina la wodandaula sifulumira kuliulula kwa bwana ngati wapempha kuti libisidwe. Chofunika n'chakuti mwana azilemba maola ake tsiku ndi tsiku, kholo n'kumawayerekeza ndi pepala la malipiro.