Belo lakwera, nanga malipiro?

Mukakhala pa benchi ya telala ku Limbe, kapena mukakwera minibasi yochokera ku Area 25 kulowa m'tauni ku Lilongwe, nkhani imene ili m'kamwam'kamwa masiku ano ndi ya anyamata ndi atsikana ogulitsa m'masitolo a kaunjika. Za mtengo wa belo anthu anazikamba mpaka kutopa, makamaka mavenda atapita ku Nyumba ya Malamulo mu February 2025 kukadandaula. Tsopano makutu atembenukira kwa amene amadula mawaya a belolo.

Amayi ena ku saluni akuti kale ntchito imeneyi inali ya ulemu wake. Malipiro anali ochepa, inde, koma belo likangotsegulidwa, wogwira ntchito ndiye anali woyamba kupisamo dzanja. Jekete labwino, nsapato ya chikopa, diresi lokavala ku ukwati, zonse ankaziona yekha kasitomala asanalowe. Ati ukamuona mtsikana wa m'sitolo Lamulungu ku tchalitchi, umayesa mwana wa nduna! Anzawo anaseka mpaka chisa kugwa, koma wina anayankha kuti jekete saphika nalo nsima.

Apa m'pamene nkhani inakoma. Bambo wina wodziwa masamu anayamba kuwerenga ndi zala: mu 2020 malipiro otsikitsitsa amene boma linakhazikitsa anali K35,000 pa mwezi, mu 2021 anafika K50,000, mu 2024 K90,000, ndipo mu 2025 K126,000. Pa pepala ndi kukwera kooneka. Koma pakati pomwepo kwacha inatsitsidwa mphamvu kawiri, ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023. Ndiye thumba la chimanga, sopo ndi lendi zinathamanga kuposa envulopu ya kumapeto kwa mwezi.

Eni masitolo nawo sakukhala chete. Akuti anthu amangoona malipiro, osaona zotsatira zake. Lamulo la penshoni limati bwana aziika 10 peresenti, wantchito 5 peresenti. Palinso tchuthi cholipidwa cha masiku 18 pa chaka kwa ogwira masiku asanu ndi limodzi pa sabata, ndi masabata asanu ndi atatu kwa mayi woyembekezera. Belo ligulidwe ndi ndalama zakunja zosowazi, lendi ya sitolo ilipidwe, kenako zonsezi. Ine ndimawamvetsa, mutu umawawawadi. Chimene sindigwirizana nacho ndi njira imene ena apeza, yolemba munthu ngati waganyu zaka zitatu, kumulipira malinga ndi zovala zimene wagulitsa, kuti dzina lake lisaoneke m'buku lililonse.

Ndinaimirira m'sitolo ina m'mawa belo likutsegulidwa. Mtsikana anagwada pansi, fumbi ndi fungo la mankhwala zikumulowa m'mphuno, akusankha malaya amodziamodzi: awa a pa hang'ala, awa a pa mulu, awa ong'ambika apite kwa telala. Kolala yokha ankangoigwira n'kudziwa mtengo wake. Luso lotere silibwera mwezi umodzi.

Madzulo ake, pa siteji, kondakitala ankauza anthu kuti mlongo wake wa m'sitolo ya kaunjika wayamba kufunsa bwana wake nambala ya penshoni. Minibasi yonse inamuombera m'manja, ndipo agogo ena kumbuyo anapempha kuti akamufunsirenso mdzukulu wawo.