Ulemu kwa kathanki ka pansi pa boneti

Mwa onse ogwira ntchito ya madzi mu Harare, palibe wokhulupirika ngati kathanki koyera kaja ka madzi otsukira galasi kobisala pansi pa boneti ya galimoto za pa Mbare Musika. Madzi a mu Lake Chivero amayeretsedwa ku Morton Jaffray asanalowe m'mapaipi, koma wa ku mafulati a Matapi aliyense akudziwa kuti mpopi umatha masiku ukungotsokomola mpweya. Kathanki aka ukakathira malita awiri kamabweza malita awiri omwewo, popanda bilu, popanda msonkhano, popanda bwana wa tayi wodzanena kuti nkhaniyi ikuunikidwa. Akuluakulu ena akanapita kukaphunzira kwa iko, akanakhala kuti amadziwa potsegulira boneti.

Ntchito yake si yamasewera. Mu Okutobala fumbi la malole a matimati ochokera ku Mutoko limakakamira pagalasi, mvula ikayamba inswa zimadzaphwanyikira pomwepo. Waipa ikayenda pouma imakhula mchengawo n'kusiya mizere imene usiku imamwaza kuwala kwa galimoto zobwera kutsogolo. Mary Anderson wa ku America, amene analembetsa waipa mu 1903, anangotipatsa dzanja lopukutira, ndipo dzanja lopanda madzi limangopaka matope. Komabe ulemerero weniweni uli pa kabowo kopopera madziwo pagalasi. Kanapangidwa kuti kazilozera pagalasi, koma pa Musika kali ndi maganizo akeake. Kena kamaponya madzi pamwamba pa denga n'kukanyowetsa wokankha ngolo ali kumbuyo, kena kamakhotera kumbali n'kuwaza masamba a mayi wogulitsa m'mphepete mwa msewu, amene amatukwana m'Chishona, masamba akewo akuoneka ngati angothyoledwa kumene kudimba. Ndi mpopi uti wina umene umagawira anthu osaupempha? Kuwongola kabowoko kumangofuna singano ndi mphindi imodzi, ndipo poti madalaivala amatha zaka osakawongola, tiyenera kuvomereza kuti ndi anthu opatsa.

Ena ati mukathankimo muzilowa madzi abuluu a m'sitolo okhaokha. Iwalani zimenezo pang'ono. Ambiri mwa madzi amenewo amathiridwa mowa wa methanol kuti asaume ngati mwala ku maiko a chipale, vuto limene pa Mbare limagonja kutali ndi la fumbi. Kuno lamulo ndi madzi a pa mjigo ndi kadontho ka sopo wa Sunlight. Zoona, otsutsawo ali ndi pogwira. Madzi a pansi pa nthaka amasiya choyera chotseka timabowo, sopo waufa amaundana m'kapaipi, ndipo pali anansi athu amene dzanja lawo silidziwa kadontho, moti akangodina galasi lonse limachita thovu ngati beseni lochapira matewera. Koma limenelo ndi tchimo la wothira. Kathanki kamangobweza chimene kapatsidwa, khalidwe losowa pakati pa osunga zinthu za anthu.

Otsutsa aakulu ndi amene amati mu kombi zambiri kathankiko kanauma kalekale, kapampu kanafa, ndipo ulendo umayendabe. Umayenda, inde, koma taonani mtengo wake. Pamalo pa kapulasitiki kamodzi pakufunika munthu wamkulu wathunthu, kondakitala kapena hwindi monga amanenera kuno, wotulutsa theka la thupi pazenera, botolo la Mazoe lili m'manja, akuthira galasi galimoto ikuyenda, madzi ambiri akubwerera kumaso kwa agogo a pampando wakutsogolo. Mwini kombi yomweyo ndalama ya masipika ogwedeza msewu anaipeza, ya zomata za mavesi pagalasi lakumbuyo anaipeza, koma kapampu kamene ku msika wa Siyaso, pafupi pomwepo, amakagulitsa kakale ndi katsopano komwe, akuti adzaona mwezi wamawa. Botolo likatha, kondakitala amavula chipewa n'kupukuta kampata ngati chikhatho kutsogolo kwa dalaivala, ndipo anthu onse m'kombimo amadalira kampata kameneko mpaka kukafika m'tauni.