Kazenera Kakuda Kalandire Ulemu Wake

Pa zida zonse za anthu olemba mapulogalamu a kompyuta, palibe chonyozeka kuposa kazenera kakuda bii kamene amalembamo malamulo, kamene eni ntchitoyi amakatchula kuti terminal. Kalibe chithunzi, kalibe batani loti munthu adine, ndipo sikapereka moni. Kamangoonetsa chizindikiro cha dola ndi kamzere kophethiraphethira, basi. Makampani ataya ndalama zankhaninkhani kukongoletsa mafoni kuti ngakhale mwana wosadziwa kuwerenga azitha kuwaseweretsa, koma kazeneraka kanakana kudzola mafuta. Komabe aliyense wofuna kumanga pulogalamu yamakono ya mtundu wa serverless amayamba wagogoda pakhomo pa kameneka. Kanyozedwa mokwanira, tsopano katamandidweko.

Choyamba, anthu adziwe kuti si kapathengo. Agogo ake ndi makina a Teletype Model 33 a mu 1963, amene ankasindikiza mayankho a kompyuta pa pepala, akulira phokoso losalola munthu kumva mnzake. Kanaleredwa ku Bell Labs, kumene Ken Thompson ndi Dennis Ritchie anayamba kupanga Unix mu 1969. Msinkhu wake kanatengera kwa VT100, makina a kampani ya DEC a mu 1978, amene ankaonetsa mizere 24 ya zilembo 80. Nambala ya 80 imeneyi inachokera ku makadi oboola a IBM a mu 1928. Mpaka lero mazenera ambiri otere amatseguka ndi muyezo womwewo, kotero mtsikana wogula laputopu yatsopano chaka chino amalembabe motsata kukula kwa khadi limene linapangidwa agogo ake asanabadwe. Ndi mabanja angati amene asunga mwambo chonchi?

Zatsopano za serverless zinabwera mu November 2014, pa msonkhano wa Amazon ku Las Vegas, pamene kampaniyi inalengeza Lambda. Lonjezo lake linali lokoma. Munthu asabwerekenso seva yomayaka usana ndi usiku ikudya ndalama ngakhale palibe woigwiritsa ntchito. Angolemba kapulogalamu kochita ntchito imodzi, monga kuchepetsa chithunzi kapena kuyankha funso lochokera pa foni, n'kukapereka kwa eni makompyuta. Iwo azikayendetsa wina akakafuna, ndipo malipiro azikhala a nthawi yokhayo imene kagwira ntchito. Kuyambira mu December 2020 nthawiyo amaiwerenga mpaka kagawo kamodzi pa magawo 1,000 a sekondi, ndipo maulendo 1 miliyoni oyamba pa mwezi ndi aulere. Microsoft inabweretsa Azure Functions mu 2016, Cloudflare inabwera ndi Workers mu 2017, Google nayo ili ndi zake. Onsewa ali ndi masamba okongola a pa intaneti odzaza ndi mabatani. Koma munthu akangoonetsa kuti watsimikiza, onse amamulozera kumodzi: akalembe sam, kapena func, kapena wrangler, kapena gcloud, mu kazenera kaja.

Ubwino wake woyamba ndi kusachulutsa gaga m'diwa. Woyamba kumene amalemba aws configure, ndipo kamamufunsa mafunso 4 okha: nambala ya kiyi, chinsinsi cha kiyiyo, dera limene akufuna, ndi maonekedwe a mayankho. Akayankha, kamangoti zii. Sikanena kuti zikomo kapena kuti zayenda. Umenewu ndi mwambo wa Unix, kuti zinthu zikalongosoka palibe choyankhulira. Chosangalatsa n'chakuti ngakhale munthu alakwitse kiyi kamangotinso zii, chifukwa pa nthawiyi sikafufuza chilichonse. Kamalandira bodza ndi choona mofanana, n'kusunga zonse mu fayilo ya credentials yosabisa chilembo ngakhale chimodzi. Chikhulupiriro chotere mwa anthu n'chosowa masiku ano. Amene amachikonda kwambiri ndi akuba a pa intaneti, omwe mapulogalamu awo amangozungulira pa GitHub kusaka makiyi oyamba ndi zilembo AKIA amene wina waika pagulu mosadziwa.

Funso la dera lili ndi nkhani yake. Zitsanzo zambiri zimatchula us-east-1, nyumba za makompyuta za kumpoto kwa Virginia. Wokhala kumwera kwa Africa kuno angasankhe af-south-1, dera la ku Cape Town limene linatsegulidwa mu April 2020, mumzinda womwewo umene gulu la Chris Pinkham linapangira EC2, ntchito yobwereketsa maseva imene Amazon inayamba mu 2006. Koma derali limakhala lotseka mpaka mwini akaunti atalitsegula yekha. Wosadziwa zimenezi kazenera sikamuuza kuti chitseko n'chokhoma. Kamamuuza kuti chiphaso chake n'chosavomerezeka, ndipo iye amatha madzulo onse akupanga makiyi atsopano, ali ndi makiyi abwinobwino m'manja. Mphunzitsi wofewa akanamuuza yankho pomwepo, ndipo mawa lake akanaiwala. Wophunzitsidwa ndi kazeneraka saiwala mpaka kukalamba.

Ndiyeno pamabwera sam init. Lamuloli limafunsa chinenero, kaya Python, kaya Node.js, kaya Java, n'kuyala mafayilo angapo. Pakati pawo pali template.yaml, ndipo apa m'pamene ulemerero wa ntchitoyi umaonekera bwino. YAML ndi kalembedwe kamene Clark Evans ndi anzake anayambitsa mu 2001 n'cholinga choti kakhale kosavuta kwa anthu. Kusavuta kwake n'kwakuti tanthauzo la mzere limadalira mipata yopanda kanthu ya kumayambiriro kwake. Mzere ukalowa mkati ndi mipata 2 ndiye kuti ndi mwana wa mzere wapamwamba, ukalowa ndi 4 ndi mdzukulu, ukasokonezeka ndi umodzi wokha zonse zaima. Wodina batani la Tab m'malo mwa mipata wapalamula, ngakhale ndi maso ziwirizi sizisiyana. Munthu wophunzira, wa mapepala ake, amakhala maso tong'o pa galasi kuwerenga zinthu zosaoneka. Pali ntchito inanso imene imalemekeza chopanda kanthu chotere? Ndipo kalembedweka kali ndi nzeru zakezake. M'malamulo ake akale, amene zida zambiri zikutsatabe, zilembo NO zimawerengedwa kuti ayi, kotero olemba mndandanda wa mayiko akhala akupeza kuti dziko la Norway lasanduka kukana.

Wofuna kuyesa kapulogalamu kake asanakatumize amalemba sam local invoke, ndipo kazenera kamamuuza kuti ayambe waika pulogalamu ya Docker. Akaika, pamayamba kutsika fayilo ya mamegabayiti mazanamazana, timizere tikukwawa pang'onopang'ono. Wogula bandulo ndi ndalama za m'thumba mwake amaonerera mwakachetechete.

Chimake cha mwambo ndi sam deploy --guided. Lamuloli limapereka zonse kwa CloudFormation, chida cha Amazon chomangira zinthuzi, ndipo mizere imayamba kutsika umodziumodzi, uliwonse ukuti CREATE_IN_PROGRESS. Mtima umakhala m'malo. Kenaka pamatulukira mzere wa CREATE_FAILED, ndipo zonse zimene zinamangidwa zimagumulidwa mwadongosolo, chomaliza kuyamba, mpaka pamalembedwa kuti ROLLBACK_COMPLETE. Munthu amakonza cholakwacho n'kuyesanso, koma amakanidwa, chifukwa chimene chagwa pa ulendo woyamba sichikonzeka. Ayenera kufufuta kaye bwinjalo, ngakhale mulibe kanthu, asanamangenso. Ena amati n'kuzunza anthu. Koma ukhondo wotere ndi wofunika kuuyamikira, pakuti kazeneraka sikalola munthu kumanga pa zinyalala, ngakhale zinyalalazo zikhale dzina lokha.

Kawirikawiri chogwetsa chimakhala chilolezo. Ku Amazon chilichonse n'choletsedwa mpaka wina atachiloleza, ndipo yankho lodziwika ndi AccessDenied. Apa kazenera kamaonetsa chifundo chachikulu. Kakanafuna kakanamuunjikira munthu zilolezo zonse zimene akusowa, iye n'kutaya mtima. M'malo mwake kamatchula chimodzi. Iye amakonza, amadikira mphindi zingapo, kamatchula chachiwiri. Amakonza, kamatchula chachitatu. Nkhani zoipa kamapereka pang'onopang'ono kuti zisamutsamwe. Ambiri akafika pachisanu amagonja n'kudzipatsa chilolezo cha AdministratorAccess, chotsegula zonse, akulonjeza kuti adzachichotsa mawa. Kazeneraka sikadzudzula ngakhale pang'ono, ndipo sikadzamukumbutsa.

Tsiku limafika loti zonse zayenda, ndipo pansi pamatuluka adiresi yaitali. Munthu amalemba lamulo la curl, amaika adiresiyo, amadina Enter, n'kudikira. Kudikira kumeneku eni ntchito amati cold start. Popeza palibe seva yoyaka yomudikira, pempho loyamba likafika eni makompyuta amayamba kumene kukonza malo: kudzutsa kakompyuta kongoyerekeza ka Firecracker, luso limene Amazon inatulutsa mu 2018, kukopera pulogalamu, kuyatsa chinenero chake. Zili ngati kuyamba kukoleza mbaula mlendo atakhala kale pa mpando. Kwa kapulogalamu kopepuka n'kagawo ka sekondi, kwa Java yolemera amatha kukhala masekondi angapo. Pempho lachiwiri limayankhidwa msanga, koma pakapita kanthawi popanda wobwera zonse zimazimitsidwa ndipo mwambo umayambiranso. Kapulogalamu kakachedwa pa ntchito yake kamadulidwa pa masekondi 3, pokhapokha mwini atawonjezera nthawi, ndipo malire ake ndi mphindi 15. Mu 2019 Amazon inapeza mankhwala a kudikiraku: munthu angathe kulipira kuti makope angapo a pulogalamu yake azikhala ali maso nthawi zonse. Ndiye kuti uja anathawa kulipira seva yongokhala tsopano ali ndi ufulu wolipira pulogalamu yongokhala, ndipo zimangofunika mizere ingapo mu template.yaml, mipata yake yowerengedwa bwino.

Asaganize wina kuti kazeneraka kamalimbana ndi ophunzira okha. Sikaona nkhope. Pa 28 February 2017, katswiri wina wa Amazon yemweyo ankafufuza chimene chinkachedwetsa makina owerengera mabilu a S3, nkhokwe yaikulu yosungira mafayilo. Analemba lamulo loti maseva ochepa achotsedwe, koma analakwitsa gawo limodzi, ndipo anachotsedwa ambiri. Makina awiri akuluakulu anafunika kuzimitsidwa ndi kuyatsidwanso, chinthu chimene chinali chisanachitike kwa zaka zambiri. Kwa maola pafupifupi 4 masamba ndi mapulogalamu ochuluka odalira dera la Virginia anali mbwee. Ngakhale tsamba la Amazon lodziwitsa anthu za mavuto linalephera kusintha zizindikiro zake, chifukwa nalonso linkadalira S3, mpaka kampaniyo inkalengeza za vutoli pa Twitter. Lamulolo linamveredwa ndendende mmene linalembedwera, popanda funso loti kodi mwatsimikiza, bwana. Pambuyo pake kampaniyo inasintha chidacho kuti chizichotsa maseva pang'onopang'ono ndiponso chizikana kupyola malire. Anachiphunzitsa kukayikira, ndipo okonda kumvera kwenikweni ali ndi chifukwa chodandaulira.

Kumvera kumeneku kukakumana ndi mphamvu za serverless kumabala zazikulu. Seva yakale ikalemedwa inkagwa, vuto n'kuthera pomwepo. Pulogalamu ya serverless sigwa msanga, imadzichulukitsa. Wolemba kapulogalamu kodzuka fayilo ikalowa m'nkhokwe, komwe kamaikanso fayilo m'nkhokwe yomweyo, ankapanga chinthu chodziitana chokha usiku wonse iye ali m'tulo. Mu 2020 kampani yaing'ono ya Milkie Way inkayesa pulogalamu pa Cloud Run ya Google itaika bajeti ya madola 7. Pulogalamuyo inalowa m'chizungulire chotere, ndipo m'maola ochepa bilu inafika pafupifupi madola 72,000. Bajetiyo inali yochenjeza chabe, osati yoimitsa. Google inawakhululukira ngongoleyo. Mu 2023 Amazon inaika mlonda woimitsa Lambda ikadziitana mozungulira maulendo 16 kudzera m'njira zina zodziwika, ndipo njira zotsalazo inazisiyira luso la olemba mapulogalamu.

Wotopa nazo amalemba sam delete, ndipo pano kazenera kamafunsako ngati watsimikizadi. Akavomera, kapulogalamu kamapita, adiresi imafa, zilolezo zake zimafufutidwa. Koma sikuti kamasesa zonse. Nkhokwe ya S3 imene lamulo la deploy linadzitsegulira lokha imatsala. Zolemba za mu CloudWatch, m'mene muli mbiri ya ulendo uliwonse umene kapulogalamu kanadzuka ndi uliwonse umene kanagwa, zimatsalanso, chifukwa sizinatchulidwe mu template.yaml, ndipo mwini akapanda kuziikira tsiku lothera zimasungidwa mpaka kalekale. Zikachuluka kupyola zaulere, kampani imazilipiritsa mwezi ndi mwezi molingana ndi magigabayiti ake. Kuzichotsa kumafuna lamulo lina, aws logs delete-log-group, lolembedwa mu kazenera komweko ndi dzina lonse la gulu la zolembazo, popanda kuphonya chilembo.