Thonje la ku Lupande pa sikelo ya ku Joni

Kalata yolemba pamanja yasowa masiku ano, ndiye itafika imodzi pamudzi wina m'mbali mwa mtsinje wa Lupande m'boma la Mambwe ku Zambia, anthu anasonkhana ngati asikauti awombera njovu yovuta ndipo nyama ikugawidwa. Inabwera ndi mayi wina amene anachoka ku Johannesburg kudzalira maliro cha ku Jumbe. Mayiyo anakwera basi mpaka ku Lusaka, ina pa Great East Road mpaka ku Chipata, kenako n'kutsetsereka kulowa m'chigwa, kalatayo ili m'chikwama limodzi ndi pasipoti.

Wolemba ndi mwana wa pamudzi pomwepo. Timamutchabe mnyamata ngakhale imvi zayamba kumera. Kale ankaperekeza azungu kukaona nyama ku South Luangwa, pano amayendetsa kabasi ka alendo kuchokera ku Kempton Park kupita ku Pilanesberg. Analembera amalume ake, amene foni yawo ndi ya mabatani ndipo maso awo anatopa, choncho anaitana mtsikana wa ku sekondale kuti awerenge pansi pa mtengo wa mango.

Za mvula sanafunse, za amene wakwatiwa sanafunse. Atangopereka moni anati: "Amalume, kuno andikoleka pa sikelo."

Nkhani yake ndi iyi. Pemiti yake ya ntchito ikupita kumapeto, ndipo bwana wake anamuitana mu ofesi n'kumupatsa pepala kuti adziwerengere yekha mapointi. Mu Okutobala 2024 nduna ya Home Affairs ya South Africa, Leon Schreiber, inakhazikitsa njira yatsopano yoperekera ziphaso za ntchito kwa alendo. Munthu amapatsidwa mapointi malinga ndi sukulu yake, zaka zimene wagwira ntchito, malipiro, chilankhulo ndiponso kampani imene ikumulemba, ndipo ayenera kukwanitsa 100. Mnyamatayu atayang'ana pepalalo, akuti anamva fungo la msika wa thonje.

Wa ku Mambwe aliyense amaudziwa msikawo. Walima, wapalira, wapopera mankhwala mpaka msana kuwawa, watola ndi ana ako, wapondera m'belo ndi mapazi. Kalaliki wa kampani akoleka belolo pa mbedza, singano inena mawu amodzi, ndipo asanakuwerengere ndalama ayamba wachotsa ngongole ya mbewu ndi mankhwala. Kulira kwako singano siimva. M'kalata monsemo mnyamatayu ndiye belo, ndipo fanizoli analigwira ngati galu wagwira fupa, osalisiya mpaka tsamba lachitatu.

Pali mabelo ena, akutero, amene safika n'komwe pa mbedza. Ntchito yako ikakhala pa mndandanda wa maluso osowa, umene amautcha Critical Skills List, mapointi 100 onse wapeza nthawi imodzi, bola mapepala ako akhale oona ndipo bungwe loyang'anira ntchito yakoyo likuvomereze. Pamenepo pali mainjiniya, madokotala a ziweto, akatswiri a makompyuta. Iye anawerenga mndandandawo kawiri, chala chili pa mzere, kufunafuna munthu wodziwa kuti phazi la fisi limaonetsa zikhadabo pomwe la nyalugwe silionetsa. Sanamupeze.

Ndiye anayamba kudzipima pang'onopang'ono. Pa sukulu, amene ali ndi Masters kapena PhD amatenga 50, wa digiri yoyamba 30. Dipuloma ilibe kanthu. Satifiketi ya Giredi 12, imene amayi ake anaiphera nkhuku tsiku imene inabwera, akuti ili ngati chisaka chimene kalaliki amachotsa asanalembe kulemera kwa thonje.

Pa zaka za ntchito ndi pamene anapumako. Zaka 5 mpaka 10 ndi mapointi 20, kupitirira zaka 10 ndi 30. Iye ali ndi zaka 7 za m'chigwa ndi 5 za ku Joni, ndiye 30 ndi yake. Pa chilankhulo pali mapointi 10 kwa wodziwa chimodzi mwa zilankhulo za boma la South Africa, zimene zilipo 12 chiwonjezereni chinenero chamanja mu 2023. Chinyanja mulibe, Chikunda mulibe, Chinsenga mulibe. "Malilime anga atatu a kwathu ndi mame a m'mawa, amalume. Akundipatsa 10 chifukwa cha Chingerezi chimene chinalowa ndi chikoti cha aphunzitsi. Muwapeze aphunzitsi aja muwathokoze."

Pa malipiro ndi pamene anthu pansi pa mango paja anaphulika. Kuti upeze mapointi 20, kampani ikulonjeze ndalama zopitirira pang'ono R650,000 pachaka, zimene ndi pafupifupi R54,000 mwezi uliwonse. Kuti upeze 50, zidutse R976,000. Gogo wina anafunsa ngati akukamba za malipiro a pulezidenti. Mnyamatayu anali atayankha kale m'kalatamo, kuti akanakhala kuti amalandira zimenezo, kalatayo ikanatera pa ndege ku Mfuwe, iye mwini ali pambuyo pake atavala magalasi akuda.

Zonse pamodzi, belo la ku Lupande likulemera 40.

Apa anachita masamu amene ine ndinawabwereza kunyumba, ndipo ndi oona. Atapeza digiri, afika pa 70. Atapitiriza mpaka Masters, afika pa 90. Munthu wa Masters, wa zaka 12 pa ntchito, wolankhula Chingerezi chosalala, aperewerabe ndi 10 ngati malipiro ake ndi ochepa. Mapointi ena amabwera ngati wolemba ntchitoyo ali m'gulu la makampani amene boma linawavomereza kuti ndi odalirika, la Trusted Employer Scheme, koma amenewo ndi makampani akuluakulu. Bwana wake, akuti, ali ndi timabasi titatu ndi galu mmodzi, ndipo pa onsewo wodalirika ndi galuyo.

Kunena zoona, sikelo imeneyi ili ndi ubwino wake, ndipo mnyamatayu akuvomereza. Singano ili poyera. Munthu ukhoza kudziwa kulemera kwako usanawononge ndalama, m'malo mongopereka mapepala n'kumapemphera. Kungoti anaipangira mbewu ina. Dzikolo likufuna anthu a madigiri ndi a malipiro apamwamba chifukwa eni ake ambiri alibe ntchito, ndipo woyendetsa kabasi angamupeze ku Tembisa popanda kudutsa Limpopo.

Tsopano mchenga. Palibe wa ku Mambwe amene sadziwa kuti belo likapepuka ena amathiramo mchenga wa mu Lupande, ena amawaza madzi usiku, olimba mtima amaika mwala pakati. Ku Joni mchenga amagulitsa ndi maejenti. Wina amakulembera kalata yonena kuti umalandira R60,000. Wina amakupatsa digiri ya koleji imene ili pamwamba pa shopu ya mafoni, inki isanaume. Koma kalaliki wa kumeneko amabaya belo. Satifiketi iliyonse yochokera kunja imayamba yadutsa ku SAQA, bungwe limene limafufuza ngati pepalalo ndi loona ndiponso kuti likufanana ndi maphunziro ati a m'dzikomo. Wogwidwa ndi mapepala abodza akhoza kumangidwa kapena kutsekeredwa khomo.

Iye mchenga sanagule, akutero. Anangopereka ndalama kwa bambo wina wa tayi amene analonjeza kuti amuthamangitsira zinthu. Foni ya bamboyo tsopano imayankhidwa ndi mzimayi wa mu makina.

Njira yoona yolemeretsa belo ndi yaitali. Akuganiza zolembetsa ku yunivesite ya UNISA kuti aziphunzira usiku, koma digiri ndi zaka zitatu kapena kuposa, pomwe pemiti yatsala ndi miyezi. Zaka zake 12 zija nazonso sizilowa pakamwa, zimafuna makalata a kumene anagwirako, ndipo loji ina imene anagwirako zaka zinayi inasintha eni ake. Pamwamba pa izo pakufunika kalata ya dokotala, kalata ya apolisi yosonyeza kuti alibe mlandu, kontirakiti ya ntchito, zonse n'kukapereka ku ofesi ya VFS Global. Kalata ya dokotala ndi ya apolisi siziyenera kupitirira miyezi 6. Ndiye ukamadikira pepala lina, linzake limakhala likuuma. Akuti zili ngati kutola thonje munda uno mbuzi zikudya munda uwo.

Mnzake wogona naye chipinda chimodzi, wa ku Mzimba ku Malawi, anaitaya sikelo ya ku Joni ndipo akuyang'ana ya ku Canada, dziko limene linayamba zowerenga mapointi mu 1967. Usiku wonse amakhala ndi mahedifoni kukonzekera mayeso a Chingerezi a IELTS, kumayankha mafunso a mzungu amene palibe. Kumeneko mapointi amafika 1,200 ndipo zaka zobadwa zimawerengedwa. Ukangokwana 30 amayamba kutsika, ukafika 45 a msinkhu atha. Ku Australia amafuna osachepera 65, ku Britain 70. Mnyamata wathuyu akuti amamumvera chisoni mnzakeyo, belo losiyidwa padzuwa limene likupepuka lokha tsiku lililonse lobadwa. Sikelo ya ku Joni ilibe mzere wa msinkhu, ndipo chifundo chake n'chokhacho.

Mkulu wina wokhala pa mpando wa ndalema anadula mawu. Anati zopima anthu sizinayambe lero. Makolo amene ankapita ku migodi ya ku Joni kudzera ku bungwe lolemba anthu ntchito la Wenela ankawavula malaya, kuwamvetsera chifuwa, n'kuwaimika pa sikelo yeniyeni yachitsulo. Zambia inaletsa Wenela mu 1966, ndipo Malawi inaimitsa mu 1974 ndege itagwa ku Francistown n'kupha anthu ake oposa 70 amene ankabwerera kwawo. Nthawi imeneyo, anatero mkuluyo, ankafuna mnofu, pepala ankakulembera okha. Anthu anaseka, mtsikana uja n'kutembenuza tsamba.

Atawerenga mizere iwiri mawu ake anatsika.

"Amalume, ndamva kwa anthu ena kuti amayi anagona masiku anayi ku chipatala cha Kamoto. Simunandiuze. Ndikudziwa chifukwa chake, mumaopa kuti ndidzavutika mtima popeza miyezi iwiri sindinatumize kanthu. Ndalama ija ya malata ndi imene anadya bambo wa tayi uja. Ndinalibe pakamwa pokuuzirani pa foni."

Za thonje zinathera pomwepo. Analemba kuti usiku tulo sabwera. Pemiti ikatha iye akadali m'dzikomo, potuluka pa boda adzamudinda kuti ndi wosafunika, ndipo wopitiriza masiku oposa 30 amaletsedwa kubwerera kwa zaka 5. Anzake ena anasankha kungokhala, kumayenda maso ali kumbuyo, osabwera kumudzi ngakhale pa maliro a mayi awo. Iye zimenezo sakuzifuna. Koma akabwera, abwera ndi chiyani, pamene njovu zinathyola nkhokwe chaka chatha ndipo chimanga cha pakhomo chimagulidwa ndi ndalama ya kabasi? Anafunsa ngati maloji a ku Mfuwe akulembabe anthu a msinkhu wake. Anati nthawi zina akaima ndi alendo ku Pilanesberg n'kumva nkhwazi ikulira, amaiwala Chingerezi pakati pa chiganizo.

Mzere wotsatira unali wakuti: "Mbali ino muwerenge nokha, mwana asamve." Mtsikanayo anali atauwerenga kale mokweza asanazindikire. Iyeyu ndiye mwana woyamba wa mnyamata uja, amene anamusiya ali ku pulayimale.

Palibe anaseka. Amalume anatambasula dzanja kuti atenge kalatayo, koma mtsikanayo anaigwiritsitsa n'kumaliza. Kumapeto kunali mndandanda wa zofunika: satifiketi ya Giredi 12, pepala la mayeso a operekeza alendo m'tchire, makalata onse a kumaloji. Zonse zili mu bokosi lakuda lija, akuti, pansi pa bedi. Azipereke kwa mayi amene wabweretsa kalatayi, asazipinde. Ndipo pansi penipeni, tizilembo tating'ono, anawonjezera kuti ngati m'bokosimo mwalowa mchenga asaukunthe, mwina ungathandize.

Amalume analowa m'nyumba n'kutuluka ndi bokosilo, dzimbiri lili m'makona. Satifiketi inali bwino, yokulungidwa m'pulasitiki ya shuga, kungoti m'munsi muli mzere wofiirira wa chaka chimene Lupande anasefukira mpaka kulowa m'nyumba. Pepala la mayeso linalinso bwino. Kalata ya loji ija inasintha eni ake ndi imene chiswe chinaipeza. Dzina lake chinalisiya, chidindo chinachisiya, chinangodya pakati pamene panalembedwa chaka chimene anayamba ndi chimene anasiya.

Amalumewo anasanja mapepala atatuwo pachikhatho, n'kulikweza dzanja pang'ono kawiri. Kenako anatuma mwana kuti akafunse mayi wa ku Jumbe uja kuti basi yake yobwerera ndi ya tsiku liti.