Anthu Asanu a pa Hamba ya Agogo

Njinga ija ndinaitsitsa ndekha kudenga, palibe anandituma. Inali itakhala kumeneko zaka 19 chimwalirireni agogo aamuna, yomangiriridwa ku mapaso ndi luzi, mwaye utaikuta bii. Kwathu kuno kwa Dambe njinga si chinthu chocheukitsa munthu. Ndi imene imasenza matumba a mtedza kupita nawo pa Kapiri, imatengera odwala kuchipatala, ndipo anyamata a kabaza amadyera pomwepo. Koma iyi inali Humber, imene akuluakulu amangoti Hamba. Agogo anabwera nayo kuchokera ku Halale mu 1961, atakhetsa thukuta zaka zisanu m'minda ya fodya ya azungu, nthawi ya chitaganya, boma lathu likutchedwabe Fort Manning.

Amalume atandiona ndikuipukuta anati, "Mphwanga, ingoithira mafuta, uike matayala, basi. Zinazo usakhudze." Ndinayankha kuti ndamva. Mumtimamu ndinali nditaiona kale ikunyezimira ngati tsiku limene inatuluka m'sitolo.

Amene sanaionepo Hamba sangamvetse chimene chinandikopa. Foloko yake ndi ya timipope tiwiritiwiri mbali iliyonse, mabuleki ake ndi a ndodo zachitsulo, osati waya. Koma chokoma kuposa zonse chili pa giya yaikulu ya tcheni: anasemapo tianthu tisanu togwirana manja mozungulira, moti ukamapalasa timakhala ngati tikuvina. Agogo aakazi anabereka ana asanu, ndipo amuna awo anapatsa kamunthu kalikonse dzina la mwana. Mayi anga anali kachitatu kuchokera pa pedulo. Mwa asanuwo atsala ndi amalume okha.

Ndinayamba ndi sandipepa. Ndimati ndikuchotsa dzimbiri, koma pofika madzulo ndinali nditapala penti yakuda ya kufakitale pamodzi ndi timizere tagolide tam'mbali mwa madigadi. Palafini ndi kansalu zikanakwana. Izi ndinazidziwa felemu ili mbee.

Kenako kotapini, kachitsulo kamene kamamanga mkono wa pedulo ku ekisero. Anali atagwirana ndi dzimbiri. Amisiri amayamba amuthira mafuta n'kumusiya agone, amamasula nati pang'ono chabe, n'kuchirikiza mkonowo pansi ndi paipi asanamenye. Ine ndinachotseratu nati n'kumenya ndi hamala njinga ili lende. Mutu wa kotapini unafutukuka ngati bowa. Ndinamenyabe, mtima utawawa, mpaka mkono wa kumanja unapindika. Mkono umenewo ndi wolumikizana ndi giya ya tianthu tija.

Ndikanaleka pamenepo. M'malo mwake ndinagulitsa matumba awiri a mtedza, n'kudutsa pa Mwami kupita ku Chipata, kumene ndinamva kuti zipangizo za njinga sizisowa. Ndinagula makapu atsopano a mabelingi a pakati. Kunyumba analowa mazinga awiri okha n'kukana. Ndinawakakamiza ndi sipanala yaikulu, ndikumva ndithu chitsulo chikulira, mpaka mazinga a m'felemu anadyeka.

Amene anadzandiuza chifukwa chake ndi mkulu wina amene paunyamata wake anagwirapo ntchito kufakitale ya Luangwa Industries ku Chipata, kumene ankapanga njinga za Eagle. Anati kampani ya Raleigh ya ku Nottingham inagula dzina la Humber mu 1932, ndipo Raleigh inali ndi muyezo wakewake: mazinga 26 pa inchi imodzi, pomwe makapu a m'masitolo masiku ano ndi a 24. Ndi maso sungasiyanitse. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kungoti, "Mwana wanga, mukanabwera musanagwire sipanala."

Manyazi ndi amene anandipititsa kwa wokonza njinga wa kutali, kuti amalume asamve. Iye anachita zimene ndinamupempha, sindimuda. Anawotcherera pakati paja, anaika mkono ndi giya za ku India, anapaka penti yakuda yonyezimira. Zitsulo zakale anaziponya pa mulu kuseri kwa shedi yake. Ndinaziona ndi maso angawa, giya ija ili pamwamba, koma ndinali wotanganidwa ndi kuliza belu latsopano. Ndinakwera n'kumapita.

Agogo aakazi maso anasiya kuona, koma atamva belu anatuluka akupapasa chipupa.

"Ndi njinga ya agogo ako imeneyo?"

"Ndi yomweyo, agogo. Ndaikonza."

Anagwira chishalo, anatsetsereka ndi dzanja pa felemu, n'kugwada pang'onopang'ono pa dothi. Zala zawo zinafika pa giya. Anaizungulira kamodzi, anaizunguliranso. Amalume anali ataimirira pakhonde, osayankhula.

"Ana anga ali kuti, mdzukulu wanga?"

Pakamwa panga panauma gwa. Sanakalipe. Anadzuka, anasasa fumbi pa chitenje, n'kupempha amalume kuti awalowetse m'nyumba.

Tambala woyamba atalira ndinali kale pa msewu. Ndinapeza kuseri kwa shedi kuja kuli kosesa. Ogula zitsulo zakutha anali atadutsa kale ndi lole, anayeza mulu wonse pa sikelo n'kunyamula. Wokonza uja sankadziwa ngati analowera ku Lilongwe kapena ku Kasungu.

Njingayo imayenda bwino, koma sindiikwera, ili m'chipinda. Tsiku la msika pa Kapiri ndimayendayenda pamene anthu amaimika njinga, ndikuwerama kuyang'ana giya iliyonse yakale. Kwa Kamwendo ndinapitako kawiri, kwa Mkanda kamodzi. Mwezi watha ndinamva kuti mkulu wina cha ku Rusa ali ndi Hamba yothyoka felemu imene saigwiritsa ntchito, ndipo ndasunga thumba limodzi la soya. Agogo ndawauza zoona, kuti ngakhale ndiipeze sidzakhala yomwe ija. Anati ndibwere nayobe aigwire.