Ulemu kwa a Napolo, Osenza Milandu ya Eni

Mwana wa mlongo wanga wa ku Manja amakhalira kusaka zilombo pafoni. Tsiku lina anandionetsa chinjoka chabuluu, kukamwa kuli yasa, nati, "Amalume, uyu ndi Gyarados." Akuti chimayamba ngati kansomba kopepera kotchedwa Magikarp, kongodziwa kuphiriphitha, kenako n'kusanduka chilombo choopsa. Anthu a ku Japan amene anatulutsa masewera a Pokémon mu 1996 anachita kubwereka nthano ya ku China, yoti nsomba ikalimbana ndi madzi a mtsinje wa Huang He mpaka kudumpha mathithi a Longmen, imasanduka chinjoka. Ku China chinjoka ndi mwini mvula, ndipo mafumu ankachipeta pa mikanjo yawo. Lero zidzukulu zikudyerapo ndalama.

Ndinasuzumira pawindo, maso anagwa pa phiri la Soche, manyazi n'kundigwira. Ifetu tili nacho chathu, chachikulu kuposa cha pafonicho, koma sitinachithokozepo ndi tsiku limodzi lomwe. Lero ndilole ndiwombe m'manja: zikomo a Napolo!

Ndikuyamikani chifukwa cha kudekha. Makolo amati mumagona pansi pa phiri, ndipo mukafuna kusamuka mumang'amba nthaka, miyala ndi mitengo n'kumakuperekezani. Koma onani kusayendayenda kwanu. Munatsika ku Zomba mu 1946, munatulukira ku Phalombe mu 1991, kuno kwathu munadikira mpaka mu Marichi 2023, ndipo apo munachita kutsagana ndi namondwe Freddy. Mlendo wotere ndi wosowa. Alamu anga amabwera mwezi uliwonse.

Chachikulu ndi msana wanu. Palibe m'Malawi muno amene wasenza milandu ya eni ngati inu. Nkhwangwa zinalira m'phirimu zaka ndi zaka, mitengo inatsika pamutu ili nkhuni, ina panjinga ili makala, inu muli chete. Ena anagulitsa mapoloti pamtsetse poti ngakhale mbuzi imayenda chammbali, anthu osowa pokhala n'kukumba maziko m'njira ya madzi. Oyenera kuletsa anayang'ana kumbali. Tsiku limene matope anakwirira nyumba ku Chilobwe ndi ku Manja, anthu n'kumafukula abale awo ndi makasu ndi manja, tinapukusa mitu tonse n'kunena kuti, "Wadutsa Napolo." Nkhani n'kuthera pomwepo. Inu simunapite pawailesi kukadziyeretsa, simunalembe loya, simunafunse kuti amene anadinda pepala la poloti ndani. Maliro amenewo si oseketsa ayi, ndipo sindikuseka. Ndikungosirira mmene dzina limodzi linapumitsira anthu ambiri ofunika kufunsidwa.

Nanga malipiro anu? Malemu Steve Chimombo, mphunzitsi wa ku Chancellor College, anakulemberani ndakatulo n'kutcha buku dzina lanu. Kupatula apo, mwangokhala woopsezera ana. Anzanu a ku China amawavinira m'misewu chaka chikamayamba, anthu atanyamula chinjoka chansalu pamitengo, ng'oma zikulira. Inu ngakhale nkhope yanu sitigwirizana: wina akuti muli ndi mutu umodzi, wina akuti yambiri, ndipo amene anakuonani ndi maso nthawi zonse amakhala msuweni wa mnzake wa wonenayo.

Mwana wa mlongo wanga uja anandifunsa, "Ndiye Napoloyo amayamba ngati kansomba kanji?" Ndinasowa choyankha. Panja mayi ake anali akukupiza mbaula, thumba la makala litatsamira khoma. Chakumtunda, m'mphepete mwa chipsera chimene chigumukire chinasiya, bambo wina anali atakoka chingwe, akuyeza pokumba maziko.

"Amayamba ngati kachipinda kamodzi," ndinatero. Iye anali atabwerera kale pafoni, akuthamangitsa kansomba kake.